Ululu sujambulika pa X-ray: mmene ofufuza za khansa amatolera mawu a odwala

Chotupa cha khansa chimayezeka. Adokotala amachijambula n'kunena kuti mwezi watha chinali masentimita 4, lero chili pa 3. Magazi nawonso amawerengeka ku labu. Koma palibe makina amene angauze munthu kuti nseru ya wodwala yafika pati, kapena kuti dzanzi la m'zala lamulepheretsa kumanga mabatani a malaya. Zimenezi amazidziwa ndi mwini thupi. Kuti zilowe m'kafukufuku pamafunika wina amufunse, yankho lilembedwe momwe walinenera, kenako mayankho a anthu mazanamazana asanduke manambala oti n'kuyerekeza nawo mankhwala awa ndi awo. Kuimva chabe ntchitoyi imaoneka ngati yogawa mafomu basi, komatu m'kafukufuku yense wa khansa ndi imodzi mwa ntchito zosachedwa kuwonongeka, ndipo ikawonongeka sizionekera pa pepala.

Pa Chingerezi mayankho oterewa amawatcha patient-reported outcomes, mwachidule PRO. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalemba tanthauzo lake mu 2009: ndi zimene wodwala wanena yekha zokhudza thanzi lake, popanda dokotala kapena wina aliyense kuzimasulira. Mawu omalizawo ndiwo mwini nkhani. Wodwala akanena kuti akusanza kwambiri, namwino n'kulemba kuti akusanza pang'ono chifukwa iye waonapo ena osanza koposa apo, zolembedwazo zasanduka maganizo a namwino.

Kwa zaka zambiri zinkayenda chonchi ndithu. Mu 1948 David Karnofsky wa ku New York anabweretsa sikelo ya 0 mpaka 100 yoyezera mphamvu za wodwala khansa, ndipo wopereka nambala anali dokotala. Mndandanda wa mavuto obwera ndi mankhwala, wotchedwa CTCAE, umene bungwe la National Cancer Institute ku America limausamalira, nawonso amadzaza ndi achipatala: giredi 1 ndi vuto laling'ono, giredi 5 ndi imfa. Pa zinthu zooneka m'magazi mndandandawu umagwira bwino ntchito. Pa zomva m'thupi umaphonya kwambiri. Mu 2015 Massimo Di Maio ndi anzake a ku Italy anatenga odwala 1,090 a m'makafukufuku atatu n'kuika pamodzi zimene odwalawo ananena ndi zimene madokotala awo analemba. Mwa odwala 100 alionse amene anati chilakolako cha chakudya chinatha, 74 madokotala sanawalembe kuti ali ndi vutolo. Pa kudzimbidwa anali 69, pa nseru 41. Ngakhale kuthothoka tsitsi, chinthu chooneka ndi maso, sikunalembedwe pa odwala 65 mwa 100.

Si kuti madokotalawo anali osasamala. Pa mphindi zochepa zimene ali ndi wodwala, maso awo amakhala pa zotsatira za magazi ndi pa funso loti kodi kemo (mankhwala amphamvu opha khansa) ya lero iperekedwe kapena idikire. Wodwala naye ali ndi zifukwa zake zobisira. Amaopa kuti akadandaula kwambiri amuchepetsera mankhwala, kapena amuchotsa m'kafukufuku mmene akupezeramo thandizo. Wina amaona ngati kudandaula ndi kusayamika.

Mafunso amene amagwiritsidwa ntchito

Wofufuza sangodzuka m'mawa n'kulemba mafunso ake. Pali mafomu amene anayesedwa kale pa anthu ambiri, ndipo mawu ake sasinthidwa mwachisawawa, chifukwa mukasintha mawu mwasintha sikelo. Yodziwika kwambiri ndi EORTC QLQ-C30, ya bungwe lofufuza za khansa ku Europe lomwe likulu lake lili ku Brussels. Inasindikizidwa mu 1993 itayesedwa pa odwala khansa ya m'mapapo 305 a m'mayiko 13. Ili ndi mafunso 30. Oyambirira amafunsa ngati munthu akuvutika kunyamula katundu wolemera monga chikwama cha zogula kapena sutikesi, kuyenda ulendo wautali, kuyenda pang'ono kunja kwa nyumba, ngati amakhalira kugona masana, ndiponso ngati amafuna womuthandiza kudya, kuvala, kusamba ndi kupita kuchimbudzi. Otsatira amafunsa za sabata yapitayi: ululu, phuma, tulo, nseru, nkhawa, kuiwala, mpaka mavuto a ndalama obwera ndi matendawa. Mafunso 28 ali ndi mayankho anayi, kuyambira pa "ayi" kudzera pa "pang'ono" kukafika pa "kwambiri". Awiri omaliza munthu amasankha nambala ya 1 mpaka 7 ya thanzi lake lonse ndi ya mmene moyo ukumukomera.

Mayankhowa amawasandutsa mapointi a 0 mpaka 100. Apa pamabuka funso lovuta: gulu lina likapeza 62, lina 58, kodi kusiyana kumeneku wodwala angakumve m'thupi? David Osoba wa ku Canada mu 1998 anayerekeza mapointi ndi zimene odwala ankanena okha, ndipo anapeza kuti kusintha kwa mapointi 5 mpaka 10 odwala amati ndi kwakung'ono, 10 mpaka 20 ndi kooneka, kuposa 20 ndi kwakukulu. Choncho mukawerenga kuti mankhwala ena "anakweza moyo wa odwala", funsani kuti ndi mapointi angati.

Ku America kuli FACT-G ya David Cella, yomwenso inatuluka mu 1993 ndipo pano ili ndi mafunso 27. Kuli PRO-CTCAE, yomwe ndi mndandanda uja wa madokotala koma woyankha wodwala: mafunso 124 okhudza zizindikiro 78, ofunsa kuti vutolo limabwera kangati, limakula bwanji, ndipo limasokoneza bwanji ntchito za tsiku ndi tsiku. Palibe amene amapatsidwa onse 124. Ofufuza amasankhamo ogwirizana ndi mankhwala amene akuyesa.

Zimene mayankhowa anasintha

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha kafukufuku wa ProtecT ku Britain. Amuna 1,643 opezeka ndi khansa yosafalikira ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo) anagawidwa mwamaere m'magulu atatu: opareshoni, kuwotcha chotupa ndi cheza, kapena kungoyang'aniridwa mosamala. Patatha zaka 10, omwalira ndi khansayo anali pafupifupi mmodzi pa 100 m'gulu lililonse. Tikanangowerenga maliro, tikanati njira zitatuzi n'zofanana. Koma amunawa ankadzazanso mafomu, ndipo Jenny Donovan ndi anzake anatulutsa zotsatira zake mu 2016. Asanalandire chithandizo, mmodzi yekha pa 100 ndiye ankavala thewera chifukwa cha mkodzo wotuluka wokha. Patatha miyezi 6, m'gulu la opareshoni anali 46 pa 100, m'gulu la cheza 5, m'gulu loyang'aniridwa 4. Pa nkhani ya mphamvu za kuchipinda, poyamba amuna 67 pa 100 anati zili bwino. Patatha miyezi 6 anatsala 12 m'gulu la opareshoni, 22 m'gulu la cheza, 52 m'gulu loyang'aniridwa. Nkhani ngati zimenezi bambo wa zaka 62 sangazitulutse yekha pamaso pa dokotala amene anamuchita opareshoni, makamaka dokotalayo akumwetulira kuti chotupa chinachoka chonse. Pa pepala, ali yekha kunyumba, amalemba. Lero bambo wina akamasankha chithandizo amakhala ndi manambala amenewa m'manja.

Mayankho a odwala afikanso pothandiza kuti mankhwala avomerezedwe. Ruxolitinib, mankhwala a matenda a m'mafuta a m'mafupa otchedwa myelofibrosis, anavomerezedwa ku America mu 2011. Umboni wake unali wa mbali ziwiri: kuphwa kwa kapamba (spleen) wotupa, ndi zimene odwala ankalemba usiku uliwonse pa kachipangizo ka m'manja zokhudza kuyabwa, thukuta la usiku ndi kupweteka m'mimba. Pafupifupi 46 pa 100 mwa olandira mankhwalawo anati mavuto awo atsika ndi theka kapena kuposa, pomwe mwa olandira mapiritsi opanda mankhwala anali 5 okha.

Kenako kunabwera zotsatira zimene zinadabwitsa ambiri. Ethan Basch, pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, analemba odwala 766 olandira kemo ya khansa yofalikira pakati pa 2007 ndi 2011. Gulu lina linkanena pa intaneti za zizindikiro 12, ndipo yankho likasonyeza kuti vuto lakula, uthenga unkapita kwa namwino. Gulu lina linkasamalidwa mwa masiku onse. Mu 2017 zinadziwika kuti theka la gulu loyamba linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 31, pomwe m'gulu lachiwiri inali miyezi 26. Miyezi isanu ndi yochuluka kuposa imene mankhwala ena odula a khansa amawonjezera. Chifukwa chake n'chomveka: anamwino ankachitapo kanthu pa mauthenga oposa atatu mwa anayi alionse, kutsegula m'mimba kunkagwidwa munthu asanathe madzi m'thupi, ndipo odwala ankapirira kemo kwa nthawi yotalikirapo. Amene anapindula kwambiri anali osazolowera kompyuta.

Komabe tisathamange. Basch yemweyo anabwereza ntchitoyi m'zipatala 52 za m'madera osiyanasiyana a America, pa odwala 1,191, m'kafukufuku wa PRO-TECT. Odwala anapeza bwino, mphamvu zawo zinatenga nthawi kuti zitsike, othamangira kuchipatala mwadzidzidzi anachepa, koma kutalika kwa moyo sikunasiyane pakati pa magulu awiriwo. Ine ndimawerenga zotsatira ziwirizi motere: fomu payokha sichiza munthu, chothandiza ndi chimene chimachitika fomuyo ikawerengedwa, ndipo chimenecho chimasiyana chipatala ndi chipatala.

Pamene zinthu zimawonongekera

Choyamba ndi tsiku lofunsira. Kemo yambiri imaperekedwa masabata atatu alionse. Masiku owawa ndi a sabata yoyamba munthu atachoka pa dilipi. Pofika sabata yachitatu amakhala wayambanso kudya nsima. Tsono fomu yofunsa za masiku 7 apitawa ikamadzazidwa pa tsiku lobwerera kudzalandira kemo ina, imagwira sabata yabwino yokhayokha, ndipo mankhwala ankhanza amaoneka ofatsa. Ngakhale ola limene munthu wafunsidwa lili ndi kanthu. Lamulo ndi loti adzaze asanakumane ndi dokotala, chifukwa amene wangouzidwa kuti chotupa chakula amayankha mafunso onse ndi mtima wosweka, ndipo amene wamva uthenga wabwino amaiwala kuti dzulo sanagone.

Njira yozembera vutoli inali yopatsa odwala kabuku koti azilemba kunyumba. Arthur Stone ndi anzake anayesa kukhulupirika kwa timabuku totere mu 2002, pa anthu a ululu wosatha. Anawapempha kulemba katatu pa tsiku kwa masiku 21, koma m'chikuto cha kabukuko anabisamo kachipangizo kozindikira kuwala, kolemba nthawi iliyonse imene kabuku katsekulidwa. Pa mapepala zinkaoneka kuti anthu analemba pa nthawi yake maulendo 90 pa 100. Kachipangizo kanaulula kuti anali maulendo 11 okha. Pafupifupi tsiku limodzi mwa atatu kabuku sikanatsekulidwe n'komwe, chonsecho masamba a masiku amenewo anali odzaza bwinobwino. Aliyense amene anakoperapo homuweki pa geti ya sukulu akudziwa mmene zinkachitikira. Opatsidwa kachipangizo kolira nthawi ikakwana, kosalola kulemba za dzulo, anakwanitsa maulendo 94 pa 100. Ichi ndicho chifukwa chake makafukufuku ambiri anasamukira pa foni ndi pa tabuleti.

Vuto lalikulu koposa onse ndi mafomu osabwerera. Tiyerekeze kuti odwala 100 ayamba mankhwala atsopano, ndipo pa mwezi wachisanu ndi chimodzi mafomu obwera ndi 60. Amene sanayankhe si anthu ongosowa mwangozi. Ambiri mwa iwo ndi amene afooka moti sangagwire cholembera, amene agonekedwa m'wodi, amene anasiya mankhwala chifukwa anawakana m'thupi, ndi amene anamwalira. Otsala 60 aja ndi olimba, ndiye avereji yawo imakwera, ndipo pa chithunzi cha zotsatira mzere umaoneka ukukwera ngati kuti mankhwala akukometsa moyo. Mankhwala oopsa kwambiri angathe kuoneka abwino koposa chifukwa choti anagwetsa msanga anthu ofooka. Akatswiri a masamu ali ndi njira zoyerekezera mayankho osowa, koma njira zonsezo zimadalira kuganizira chabe zimene munthu akanayankha. Chothandiza chenicheni ndi cha manja: kufupikitsa mafomu, kuimbira foni amene sanabwere, kupitiriza kufunsa ngakhale munthu atasiya mankhwala, ndi kulemba chifukwa chimene fomu iliyonse yasowera. Kafukufuku wosanena kuti mafomu angati anabwerera pa nthawi iliyonse, ine ndimamukayikira.

Palinso chinthu china chobisika: sikelo ya m'mutu mwa munthu imasuntha. Mayi amene asanayambe kemo ankati kutopa kwa pobwera kumunda ndi "kwambiri", akadutsa m'miyezi itatu ya mankhwala, kutopa komweko amakutcha "pang'ono". Mirjam Sprangers ndi Carolyn Schwartz analongosola zimenezi mu 1999. Sikuti wodwalayo akunama. Mawu omwewo asintha kulemera.

Mafunso akafika kwathu

Pafupifupi mafomu onsewa anabadwira m'Chingerezi, ndipo kuwabweretsa m'chinenero china kuli ndi ndondomeko yake. Anthu awiri amamasulira payekhapayekha, zomasulirazo amaziphatikiza, ena amene sanaone fomu yoyamba amazibwezera ku Chingerezi kuti aone ngati tanthauzo lasochera, kenako amakhala pansi ndi odwala angapo n'kuwafunsa funso lililonse kuti alimva bwanji. Ku Malawi ntchito yotere inachitikapo. Pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mafunso a ana a fomu ya ku America yotchedwa PROMIS anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa ana odwala khansa yotchedwa lymphoma, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2018. Fomu yaifupi ya EQ-5D, yofunsa za thanzi la munthu aliyense, nayonso ilipo m'Chichewa.

Kumasulira mawu ndi mbali yopepuka. Taganizirani mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amene wabwera ndi mwana wake wamkazi monga gadiyani. Namwino wa kafukufuku wakhala naye pa benchi, tabuleti ili m'manja, chifukwa mayiyo kuwerenga kumamuvuta.

"Mayi, sabata yapitayi munamvako ululu? Ayi, pang'ono, kwambiri ndithu, kapena kwambiri zedi?"

"Aa, pang'ono, anamwino. Bola lero."

"Amayi musabise," akutero mwana uja. "Lachiwiri simunagone, munkangobuula."

Namwino alembe chiyani? Lamulo likuti alembe zimene wanena mwini wake. Koma tonse tikudziwa kuti "pang'ono" wa munthu wodwala kwathu kuno si muyeso wa kuchepa. Wina ukamuzonda ali gone, osatha kudzuka, amati "ndiliko pang'ono". Ndi mawu a ulemu ndi opirira, osafuna kulemetsa wofunsa. Pa fomu, "pang'ono" yemweyo ndi nambala 2 pa sikelo ya 4. Mayankho a gadiyani nawonso sangalowe m'malo mwa a wodwala. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti achibale amayandikira choonadi pa zooneka ndi maso monga kuyenda ndi kudya, koma pa ululu ndi nkhawa amasiyana kwambiri ndi mwini wake. Namwino wodziwa ntchito amapempha mwaulemu kuti gadiyani adikire panja, amakumbutsa mayiyo kuti funso likukhudza sabata yonse osati lero lokha, amawerenganso mayankho onse anayi ndi mawu ofanana osatsindika lililonse, n'kulemba chimene wasankha. Ndi bwinonso kuti wofunsayo asakhale yemwe amabaya dilipi, chifukwa munthu sanyoza dzanja lomwe likumupatsa mankhwala.

Zitsanzo za m'mafunso nazo zimafuna kuziyang'ana. Sutikesi ndi chikwama cha zogula ndi katundu wa ku Europe. Kuno wina angafunse ngati ndowa ya madzi pamutu kapena mtolo wa nkhuni zili m'gulu lomwelo. "Ulendo wautali" kwa munthu wa ku London ndi wina, kwa mayi woyenda maola awiri kukafika pa chipatala chaching'ono ndi winanso. Funso la QLQ-C30 lokhudza kuika maganizo pa chinthu limapereka chitsanzo cha kuwerenga nyuzipepala kapena kuonera TV. Mukasintha zitsanzo kuti zigwirizane ndi kwathu, funso limamveka bwino koma kuyerekeza ndi mayiko ena kumavuta. Mukazisiya, mumayerekeza manambala a mafunso amene anthu anawamva mosiyana. Eni mafomu salola kusintha popanda chilolezo chawo, ndipo mkanganowu umathetsedwa funso ndi funso.

Ena anasankha kuyambira kuno komweko. Bungwe la African Palliative Care Association, la ku Kampala, linapanga fomu ya mafunso 10 yotchedwa APCA African POS, yoyezera chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika. Mafunso 7 ndi a wodwala, 3 ndi a wachibale womusamalira, ndipo mayankho a awiriwa sasakanizidwa. Imafunsa za masiku atatu apitawa, imawerengedwa mokweza, ndipo munthu angathe kuyankha ndi dzanja: chibakera ndi 0, zala zonse zisanu ndi 5. Imafunsanso ngati munthu ali ndi mtendere mumtima ndi ngati wapeza womuuza nkhawa zake, zinthu zimene mafomu oyesera mankhwala sazilabadira kwenikweni.

Foni ikhoza kuthandiza, pakuti ngakhale ku America odwala oposa mmodzi mwa atatu a mu PRO-TECT anasankha kuyankha pa foni yoimba yokha m'malo mwa intaneti. Koma kwathu foni imodzi imatha kukhala ya banja lonse, kapena ya bambo. Uthenga wofunsa za kutaya magazi kapena za kuchipinda ukafika pa foni ya apongozi, chinsinsi chimene wofufuza analonjeza pa fomu ya chilolezo chatha. Makomiti oona za ufulu wa anthu m'kafukufuku, monga ya Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre ndi NHSRC ya Unduna wa Zaumoyo, ndiwo amavomereza ndondomeko zoterezi kafukufuku asanayambe: dzina lisakhale pa fomu koma nambala, wodwala adziwe kuti angathe kudumpha funso, ndiponso kuti kukana kuyankha sikumulanditsa mankhwala.

Chomwe ndondomeko zambiri zimaiwala kulemba ndi choti chichitike yankho likakhala loopsa. M'makafukufuku ochuluka mafomu amangosonkhanitsidwa, n'kudzawerengedwa patatha zaka ziwiri kafukufuku atatha. Wodwala amene wachonga kuti ululu wake wafika pamapeto pa sikelo amaganiza kuti wauza achipatala, ndiye polowa kwa dokotala sabwerezanso. Dokotala naye fomuyo sanaione. Choncho wodwala ayenera kuuzidwa poyera ngati mayankho ake aziwerengedwa tsiku lomwelo kapena ayi. Ngati aziwerengedwa, ndondomeko itchule munthu wowawerenga, nambala imene ikafikidwa aimbire wodwala foni, ndi kumene wodwalayo akapeze mankhwala a ululu a morphine likakhala Loweruka madzulo famase itatsekedwa.